Mfuti si foni yoti muzingofunsa yotchipa

Sabata yathayi ndinakwiya, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Ndiye ndati ndilembe, kuti aphunzitsi anzanga komanso inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga mumve chimene chandipsetsa mtima.

Pali mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa sayansi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa. Pano ndi bambo, amakhala ku Johannesburg ndi mkazi wake ndi ana awiri, wamkulu wazaka 6. Mwezi watha achifwamba anamudikirira pageti akuchokera kuntchito, anamuloza mfuti pamphumi n'kumulanda foni ndi malipiro ake, mkazi wake akuonerera pawindo. Patapita masiku angapo analemba pagulu lathu la WhatsApp la ophunzira akale kuti, "Abale, ine ndatopa. Ndikufuna kugula mfuti yanga yoyamba. Sindinagwirepo mfuti chibadwire, ndipo ndalama n'zochepa. Yotchipa koma yabwino ndi iti?"

Mayankho anagwa ngati matalala. Wina anati gula Taurus. Wina anati Norinco ndiye siifa. Wina anati bola kudikira upeze za Glock. Mphunzitsi mnzanga wina, munthu amene ndimamulemekeza, anati gula kakang'ono kolowa m'thumba, poti ndiwe woyamba kumene. Ambiri mwa alangizi amenewa mfuti anangoionera m'mafilimu ndi paphewa pa apolisi a paroadblock. Koma aliyense anali ndi dzina la mfuti pakamwa, ngati akumuthandiza kusankha pakati pa Itel ndi Tecno. Ndinawerenga mayankho onsewo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa za mapepala ake, kapena kumene adzaisunge, kapena kuti mwana wazaka 6 uja amafika pati akakwera pampando.

Ine ndikuti funso la mnyamatayu linali lolakwika, ndipo amene munamuyankha munalakwa kuposa iye. Iye anafunsa ali ndi mantha. Inu munayankha muli phee pakhonde, mukumwa tiyi.

Ndisanapitirire, ndivomere kuti mantha ake si opeka. M'chaka cha boma cha 2022/23 apolisi a ku South Africa analemba anthu oposa 27,000 ophedwa mwachiwembu, kutanthauza anthu ngati 75 tsiku lililonse. Lucky Dube, amene tonse tinakula tikuvina nyimbo zake, anawomberedwa pa 18 Okutobala 2007 ku Rosettenville, mu Johannesburg momwemo, ndi anthu ofuna galimoto yake. Amalawi ambiri sanaiwale za Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, kapena za Epulo 2015, pamene boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Munthu amene walozedwapo mfuti pamphumi sangamve nthabwala. Choncho sindikumuseka. Ndikukana malangizo amene anapatsidwa.

Ndinamuimbira foni madzulo omwewo. Ndinati, "Mwana wanga, mapepala ako ndi otani kumeneko?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, ndili ndi chilolezo chogwirira ntchito basi. Koma pali munthu wina wandiuza kuti atha kundipezera yotchipa, popanda zovutavuta." Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Ku South Africa kuli lamulo lotchedwa Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2004. Lamuloli limati munthu asanapemphe chiphaso cha mfuti, ayambe wapeza satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera kugwira mfuti. Kuti aipeze ayenera kukhala wazaka 21 kapena kuposa, kupatula pa zifukwa zapadera, ndipo ayenera kukhala nzika ya dzikolo kapena mlendo amene anapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Chilolezo chogwirira ntchito sichikwanira. Ayeneranso kuphunzira kwa aphunzitsi ovomerezeka, kulemba mayeso a za lamulolo, ndi kuyesedwa kagwiridwe ka mfuti. Apolisi amatenga zidindo za zala zake n'kufufuza ngati anapezekapo wolakwa pa milandu ya nkhanza, kuphatikizapo nkhanza za m'banja, kapena ngati ndi kapolo wa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Akadutsa pamenepo ndiye amapempha chiphaso cha mfuti imene wasankhayo, ndipo mfuti iliyonse imakhala ndi chiphaso chakechake. Pa chifukwa chodzitetezera amaloledwa mfuti imodzi yokha, chiphaso chake ndi cha zaka 5, ndipo pempho lochiwonjezera liyenera kuperekedwa kutatsala masiku osachepera 90 kuti chithe. Nthawi yonse yodikirayo, imene imakhala miyezi, mfuti imakhala ili kwa wogulitsa ngakhale unalipira kale. Kunyumba payenera kukhala bokosi lachitsulo lokhoma, lija timati sefa, lovomerezeka ndi lomangiriridwa kukhoma kapena pansi. Mu 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linanena poyera kuti kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe, ndi mwayi umene lamulo limapereka ndi kuuyang'anira.

Tsono taonani. Kwa Amalawi ambiri amene ali ku Joni, khomo la sitolo ya mfuti n'lotseka, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Ndiye mukamuuza munthu wotere kuti gula Norinco, mukumutuma kuti? Mukumutuma kwa "munthu wina" uja. Ndipo mfuti ya munthu wina uja ndiyo yodula kuposa zonse zimene zili m'masitolo, chifukwa kungopezeka nayo popanda chiphaso chilango chake chimafika zaka 15 kundende. Ukatuluka ana akula osakudziwa, ndipo njira yobwerera kumudzi ikhoza kudzera ku Lindela.

Komanso mfuti yamumsewu imabwera ndi maliro ake. Mfuti iliyonse imasiya zipsera zakezake pachipolopolo ndi pachikhungwa chake, ndipo apolisi ali ndi makina ofananitsira zipserazo ndi zimene anatola pamalo ena pamene panafa anthu. Mu 2016 mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo wa ku Vereeniging, analamulidwa kukakhala kundende zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinayenera kuphwanyidwa. Zambiri zinathera m'manja mwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats, ndipo ofufuza anazilumikiza ndi imfa za anthu oposa 1,000. Mfuti zamtundu umenewu ndi zimene zimazungulira m'misewu pamtengo wabwino. Apolisi akakugwira nayo sadzakufunsa kuti unagula zingati. Adzakufunsa za munthu amene anaphedwa ndi mfuti imeneyo zaka zitatu zapitazo kudera limene sunapondeko, ndipo uja anakugulitsa sadzabwera kudzakuikira umboni.

Ena mwa inu muli ndi mapepala okwanira. Ena munakwatira kapena kukwatiwa komweko n'kukhala nzika, ena muli kumaiko kumene lamulo limakulolani. Kwa inu ndiye funso la mfuti yoyamba lili ndi malo, ndipo ndikufuna ndiyambe ndi malangizo a mphunzitsi mnzanga aja, akuti woyamba kumene agule kakang'ono. Pepani achimwene, apa munasokoneza ana.

Zaka zingapo zapitazo, patchuthi, ndinakacheza kwa mbale wanga ku Pretoria, ndipo ananditengera kumalo kumene anthu amaphunzira kuwombera. Umalipira, amakubwereka mfuti, mlangizi amaima pambali pako. Anandiveka zotseka m'makutu ndi magalasi, n'kupachika pepala lalikulu pamtunda wa mamita 7, kutalika kwake ngati kuchokera pabolodi kufika kukhoma lakumbuyo kwa kalasi. Ndinasankha kamfuti kakang'ono kokongola, poganiza kuti kadzandimvera. Pa zipolopolo 10, zitatu zokha ndizo zinakhudza pepala. Dzanja linachita dzanzi, ndipo pofika chipolopolo chachisanu ndinali nditayamba kutsinzina ndisanakhethemule n'komwe. Munali masana, pepala silinkayenda, silinkandiwombera, ndipo panalibe mwana akulira kumbuyo kwanga.

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti chifukwa chake ndimachiphunzitsa chaka ndi chaka. Amene simunkagona m'kalasi mukukumbukira lamulo lachitatu la Newton: ukakankha chinthu, nacho chimakukankha ndi mphamvu yofanana. Chipolopolo cha 9mm chimalemera magalamu ngati 8, ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita ngati 350 pa sekondi, kuposa pang'ono liwiro la phokoso. Chulukitsani 8 ndi 350, mupeza 2,800. Gawani ndi kulemera kwa mfuti. Mfuti yachitsulo yolemera kilogalamu imodzi, monga CZ 75, idzabwerera m'dzanja mwanu pa liwiro la mamita 2.8 pa sekondi. Kamfuti ka magalamu 500 kadzabwerera pa mamita 5.6 pa sekondi, ndipo nkhonya imene dzanja lanu lidzalandire ndi yowirikiza kawiri. Chogwirira chake n'chachifupi moti chala chakanise chimasowa pokhala, ndipo mpope wake waufupi umachititsa kuti kulunjika kuvute. Kamfuti kakang'ono ndi ka munthu wozolowera. Wophunzira kamamuphunzitsa kuopa mfuti yake yomwe, ndipo munthu woopa mfuti yake amasiya kuyeserera.

Mlangizi uja atandipatsa mfuti ya .22, zinthu zinasintha. Chipolopolo chake sichifika magalamu atatu, sichikankha kwenikweni, phokoso lake n'locheperako, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi cha 9mm. N'chifukwa chake alangizi ambiri amayambitsira ophunzira pamenepo. Koma wina asaganize kuti ndi chidole. Robert Kennedy anaphedwa mu 1968 ku Los Angeles ndi kamfuti kotchipa ka .22.

Tsopano za ndalama, poti ndi pamene panagona funso. Mtengo wolembedwa pamfuti m'sitolo uli ngati fizi ya teremu yoyamba. Kholo lililonse limadziwa kuti pambuyo pa fizi pali yunifolomu, makope, mayeso, thiransipoti, ndipo mawa lake teremu ina. Pamfuti pali maphunziro a satifiketi ija, ndalama za mafomu ku polisi, sefa ndi womangirira wake, chikwama chabwino chapalamba chimene chimaphimba chokhethemulira, zotseka m'makutu, magalasi, mafuta ndi zotsukira. Phokoso la 9mm limafika madesibelo ngati 160, pamene kungopitirira 140 khutu likhoza kuwonongeka ndi kulira kumodzi. Ndiye pali zipolopolo. Kuwombera kuli ngati masamu, ukasiya miyezi itatu dzanja limaiwala. Munthu woyeserera kamodzi pamwezi ndi zipolopolo 50 amatha 600 pachaka, ndipo pakangopita zaka zochepa ndalama za zipolopolo ndi zolipira pamalo owomberera zimaposa mtengo wa mfuti yotchipayo.

Choncho munthu amene ndalama zake zikungokwanira chitsulo chokhacho, ndalama za mfuti alibe. Adzagula, adzawombera zipolopolo 20 tsiku loyamba, kenako adzaibisa pansi pamatiresi kapena pamwamba pa wadiropu. Pakhomopo pakhala palowa ngozi yatsopano imene dzulo panalibe, ndipo mwini wake azigona tulo poganiza kuti watetezeka.

Ngozi imeneyi ili ndi mayina ndi masiku. Mu Meyi 2004 Rudi Visagie, amene anasewererapo timu ya rugby ya dziko la South Africa, anadzuka mbandakucha atamva galimoto ikutuluka pakhomo pake pafupi ndi Nelspruit. Anaganiza kuti ndi wakuba, ndipo anawombera. Woyendetsa anali mwana wake wamkazi wazaka 19, ndipo anafa. Pa 14 Febuluwale 2013 ku Pretoria, Oscar Pistorius anawombera kanayi pachitseko chotseka cha chimbudzi n'kupha Reeva Steenkamp. Iye anauza khoti kuti ankayesa wakuba, koma khoti la apilo mu 2015 linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Amenewa sanali anthu osadziwa mfuti. Nanga bwanji mnyamata wanga amene sanaigwirepo, amene amakhala kachipinda kakumbuyo kogundana ndi mabanja ena? Chipolopolo cha 9mm chimaboola chitseko chathabwa ndi malata mosavuta, ndipo sichifunsa kuti wagona kuseriko ndani.

Ofufuza nawo anawerengapo. Mu 1993 dokotala wina wa ku America, Arthur Kellermann, ndi anzake anasindikiza mu New England Journal of Medicine kafukufuku wosonyeza kuti m'nyumba zokhala ndi mfuti mpata woti wina aphedwe unali wochuluka pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo anali wachibale kapena wodziwana naye. Alipo amene amatsutsa kafukufukuyu, amati mwina anthu okhala kale pangozi ndi amene amagula mfuti, ndipo mfundo imeneyo si yopusa. Koma mu 2020 David Studdert wa ku Stanford ndi anzake anatsatira anthu akuluakulu oposa 26 miliyoni ku California, ndipo anapeza kuti amuna okhala ndi mfuti yam'manja ankadzipha ndi mfuti mochuluka pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa amuna opanda mfuti. Ku America konko, pa anthu oposa 48,000 amene anafa ndi mfuti mu 2021, oposa theka anadziwombera okha. Ife aphunzitsi taika m'manda ophunzira athu akale amene ngongole kapena banja linawakulira. Usiku woipa umatha, munthu n'kudzuka m'mawa ali ndi maganizo ena. Mfuti ikakhala pafupi, m'mawa umenewo sufika.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Mudzati aphunzitsi mukulankhula chonchi chifukwa muli kumudzi, apolisi a kuno ukawaimbira amabwera mawa, ndipo achifwamba safunsa chiphaso. N'zoona. Koma bwererani pageti paja. Mnyamatayu anazindikira kuti kuli achifwamba mfuti ili kale pamphumi pake. Akanakhala ndi yake palamba akanaisolola nthawi yanji? Akanamusecha, akanaipeza, ndipo mwina lero tikanakhala tikusonkha ndalama zonyamulira maliro kudzera pa Beitbridge ndi Mwanza. Chaka chilichonse mfuti masauzande angapo zimabedwa kapena kutayika m'manja mwa eni ake ovomerezeka ku South Africa. Mfuti ndi katundu amene wachifwamba amamufuna kuposa foni. Ndiponso ikatayika uyenera kukanena ku polisi pasanathe maola 24, ndipo akapeza kuti unaitaya mosasamala, mlandu ndi wako.

Palinso chimene ambiri sadziwa. Chiphaso sichikupatsa chilolezo chowombera wakuba aliyense. Lamulo limalola kudziteteza pamene moyo wako kapena wa mnzako uli pangozi nthawi yomweyo, ndipo mphamvu imene wagwiritsa ntchito igwirizane ndi ngoziyo. Mu 2002, pa mlandu wotchedwa Walters, wa bambo ndi mwana wake amene anawombera munthu wothawa atathyola bekale yawo, khoti lalikulu lija linati si zololedwa kupha munthu pongofuna kuti asathawe. Choncho achifwamba aja akamathawa ndi foni yako iwe n'kuwombera kumsana, amene akhoza kukagona m'chitokosi ndiwe.

Ena mudzati, ndiye mukutanthauza kuti wolemera yekha ndi amene ayenera kudziteteza? Funso ili ndi lolemera, ndipo ndaligonera. Ayi, sindikunyoza mfuti zotsika mtengo. Zilipo za Taurus za ku Brazil, za Canik za ku Turkey ndi za Norinco za ku China zimene anthu agwiritsa ntchito zaka zambiri. Mtengo paokha sunena zonse. Kampani ya Vektor ya ku South Africa komweko inaitanitsa mfuti zake za CP1 mu 2000 chifukwa zinkatha kulira zikagwa pansi. Taurus inagwirizana ndi odandaula ku America mu 2015 pa nkhani yonga yomweyo yokhudza mfuti pafupifupi 1 miliyoni, ngakhale inakana kuti zinali ndi vuto. Nayo SIG Sauer, imene si yotchipa, mu 2017 inapempha eni mfuti za P320 kuti azibweze zikakonzedwe pa chifukwa chofanana. Chimene ndikukana ndi dongosolo loyambira pachitsulo. Wosauka ndiye ayenera kusamala kuposa wolemera, chifukwa iye akalakwitsa alibe loya.

Ndiye kwa inu amene lamulo likukulolani, ndipo mwaganiza mofatsa, nali dongosolo limene ine ndingavomereze. Yambani ndi kukambirana ndi akunyumba kwanu. Ngati mayi akukana, kapena ngati pakhomopo pamakhala ndewu, kapena mukamwa mumasintha, nkhani ithere pomwepo. Kenako pitani kumalo ophunzirira kuwombera maulendo angapo musanagule kanthu, mukabwereke mfuti zosiyanasiyana, muyambire pa .22. Mukatero gulani sefa, ikhale yoyamba kulowa m'nyumba, ndipo kiyi wake asakhale pamene mwana angafike. Patulani ndalama za zipolopolo ndi maphunziro za chaka chathunthu. Zimene zatsalazo ndiye ndalama zanu za mfuti, ndipo ngati sizikukwana, dikirani.

Posankha mfutiyo, funani yapakatikati, yodzaza dzanja lanu bwino, imene chala chanu chikufika pachokhethemulira popanda kupotoza dzanja. Ya zipolopolo za 9mm ndi yanzeru chifukwa zimapezeka paliponse ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Glock 19, imene inatuluka mu 1988 ndipo imanyamula zipolopolo 15, ndi chitsanzo cha kukula kumene ndikunena, ngakhale si yokhayo. Funsani ngati magazini ake ndi zipangizo zake zimapezeka, komanso ngati alipo wodziwa kuikonza. Yogwiritsidwapo kale ntchito ya kampani yodziwika, yogulidwa kwa wogulitsa wovomerezeka ndipo yoyesedwa ndi katswiri, nthawi zambiri imaposa yatsopano yosadziwika bwino ya mtengo womwewo. Ena amakonda mtundu wa revolver, uja wokhala ndi mpukutu wozungulira, wa zipolopolo za .38 Special, chifukwa n'zosavuta kuona ngati muli chipolopolo, ngakhale chokhethemulira chake chimakhala cholimba. Kumbukirani kuti ku South Africa mukasankha molakwika simungangobweza n'kutenga ina mawa. Mfuti ina ndi chiphaso china, ndi miyezi inanso.

Ndipo mfuti ikhale ya mtengo uliwonse, pali malamulo anayi amene alangizi amaphunzitsa pafupifupi kulikonse, amene anatchuka ndi Jeff Cooper wa ku America. Mfuti iliyonse muziitenga kuti ili ndi chipolopolo. Musailozetse pa chinthu chimene simukufuna kuchiwononga. Chala chisakhudze chokhethemulira kufikira mutalunjika ndipo mwatsimikiza kuwombera. Dziwani chimene mukuwombera ndi chimene chili kuseri kwake. Ndiwonjezepo chimene mlangizi uja anandionetsa ndi maso. Anachotsa magazini n'kundifunsa ngati mfutiyo inali yopanda kanthu. Ndinati inde. Anakoka chakumwamba chija, chipolopolo n'kudumphira patebulo. Chimodzi chimatsalira mumpope, ndipo chimodzi chimenecho chapha anthu ambiri amene mawu awo omaliza kumva anali akuti musaope, mulibe kanthu.

Kuchedwa kwa lamulo kumene mukudandaulako kuli ndi phindu lake. Kafukufuku wa Richard Matzopoulos ndi anzake, wosindikizidwa mu 2014, anayerekeza kuti kukhwimitsa malamulo a mfuti kunapulumutsa miyoyo yoposa 4,500 m'mizinda isanu ya ku South Africa pakati pa 2001 ndi 2005. Miyezi yodikira ija imapatsa mkwiyo nthawi yozizira. Munthu amene akufuna mfuti lero lomwe, mtima uli m'mwamba, ndi amene sayenera kuipeza lero. Ndipo amene muli nazo movomerezeka, musadzayerekeze kuiika m'chikwama pobwera kutchuthi cha Khirisimasi. Chiphaso cha ku South Africa chimathera pamalire. Kuno kwathu tili ndi lamulo lathu la mfuti la 1967, ndipo chilolezo chimachokera ku polisi yathu.

Mnyamata wanga ndinamuuza zimene angachite mawa lomwe popanda kuphwanya lamulo. Apemphe abwana ake kuti malipiro azidzera kubanki. Aike nyale yowala pageti, agwirizane ndi mwini nyumba za loko ndi zitsulo zam'mawindo. Adziwane ndi anansi, azidziwitsana nthawi yofika, asamalowe yekha mumdima. Utsi wa tsabola wopopera m'maso amagulitsa poyera ndipo sufuna chiphaso. Ngati deralo lafika poipa, ndalama zimene amasungira mfutizo zikhale za lendi kudera lina. Ndipo akadzamulozanso mfuti, apereke foniyo. Foni ndidzamusonkhera ndine, ndi malipiro anga auphunzitsi omwewa.

Sanasangalale. Anati, "Aphunzitsi, ndiye ndizingokhala ngati nkhuku?" Ndinamva chisoni, chifukwa ndinadziwa kuti chimene chikumupweteka si foni ayi, ndi maso a mkazi wake pawindo paja. Mwamuna amene wachititsidwa manyazi pamaso pa banja lake amafuna chinthu cholemera m'dzanja kuti adzimvenso kuti ndi mwamuna. Amene amagulitsa mfuti zamumsewu amadziwa zimenezi bwino lomwe. Ndinamuuza kuti mkazi wako pawindo paja sankapempherera kuti uwagonjetse, ankapempherera kuti ulowe m'nyumba wamoyo, ndipo unalowa.

Akulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Pankhani zambiri mwambi umenewu ndimaugwiritsa ntchito, ngakhale m'kalasi. Pamfuti ndimaukana, chifukwa nyanga imeneyi siifotera m'manja mwa mwini wake yekha. Imafotera mkazi wake, mwana wake, ndi mwana wa mnansi amene wagona kuseri kwa malata.

Aphunzitsi anzanga, anawa amatikhulupirirabe ngakhale ali ndi ndevu. Tikanena dzina la mfuti, iwo amamva ngati tavomereza. Mwana akabwera ndi funso lolakwika pamayeso sitimupatsa yankho loti angosangalala, timamubweza kuti awerengenso funsolo. Chitani chimodzimodzi apa. Ngati simukudziwa lamulo la dziko limene mwanayo ali, ngati simunamufunse za mapepala ake, za mowa wake, za ana ake ndi za sefa, musatchule Taurus kapena Glock. Khalani chete, kapena mumuimbire foni.

Dzulo wanditumizira chithunzi cha nyale imene waika pageti. Za munthu wina uja sananenepo kanthu, ndipo ine sindinasiye kumufunsa. Loweruka ndimuimbiranso.